Mapepala Ouma a Lachiwiri

Mtembo wa Abundio Galimba, bambo wachikulire amene onse ankamutchula mwaulemu kuti Nong Abundio, unapezeka Lachitatu m'mawa, utapanikizika pakati pa miyala iwiri kuseri kwa kachilumba ka Lusay. Anauona ndi amayi amene anapita kukatola nkhono madzi ataphwera. Pamene Sajeni Perla Gabayeron ankatsika m'boti la apolisi, n'kuti mkulu wake wa pantchito atamuimbira kale foni kawiri.

"Nkhalamba yaterereka pa ndere, basi. Lembani kuti ndi ngozi, mubwereko msanga."

"Ndione kaye, bwana."

"Muona chiyani kumeneko? Miyala?"

Dokotala amene anatsagana naye sanachedwe. Anatembenuza mutu wa malemuyo n'kuloza mabala awiri kunkhongo, lina pamwamba pa linzake.

"Akanagwa, bala likanakhala limodzi," anatero. "Amwalira dzulo, dzuwa lisanafike pamutu."

Perla anakulira pa doko la Tanglad, moyang'anizana ndi kachilumbaka, ndipo ankadziwa mmene Lusay imakhalira mwezi wa Meyi. Mbalame zoyera za kanaway zimaikira mazira paliponse moti munthu amasowa poponda, phokoso lake logonthetsa m'kutu. Tsiku limeneli ankangomva mafunde. Anakwera kumtunda. Zigoba za mazira zinali mbwee, ndipo apo ndi apo panali mapiko awiriawiri opanda thupi. Kabwato ka Nong Abundio kanali komangirira bwinobwino. Thumba lawo la nsalu linali pansi, lotsegula, muli botolo la madzi lokha. Chapafupi panali msampha wa nsungwi, mkati mwake muli mutu wa nsomba.

Atawerama kuti auone bwino msamphawo, anapezana maso ndi chinthu china m'chitsamba. Anali mphaka wofiirira, nthiti zokhazokha, nthenga itamata pakamwa. M'khosi mwake munali kansalu kobiriwira kokhala ndi kabelu.

Pa Lusay palibe nyumba, palibe chitsime, ndipo kuchokera kumtunda ndi makilomita atatu.

* * *

Nang Consing, mkazi wa malemuyo, sanali m'nyumba mmene anthu ankaimba nyimbo za maliro. Perla anawapeza kuseri, akutembenuza tinsomba ta gurayan pa ukonde woyanikapo, maso ali ouma gwa.

"Pepani, Nang."

"Pepani wakoyo ukampatse mkulu wako. Ndamva kuti wagamula kale kuti anaterereka. Munthu amene wayenda pa miyala imeneyo iwe usanabadwe."

"Ankatani pa Lusay?"

"Suzumira pansi pa nyumbapo."

Pakati pa nsanamira za nyumba panali khola la nkhuku. Mkati mwake munali amphaka asanu ndi awiri, onse oonda, akumuyang'ana mwaukali.

"Anawagwira mmodzimmodzi, n'kumabwera nawo m'thumba," anatero Nang Consing. "Masabata atatu apitawa tinabwera ku polisi, ine ndi amayi ena anayi, kudzanena kuti amphaka akusowa m'mudzi muno. Ukukumbukira, Inday, mtsikana iwe? Unaseka mpaka kupukuta misozi. Unati mwina akwatiwa kumzinda wa Iloilo."

Perla ankakumbukira. Anatulutsa kabuku kake kuti apeze poyang'ana.

Nkhani ya ntchito ya Nong Abundio ankaidziwa mbali chabe, monga aliyense pa Tanglad. Kampani ina ya ku Manila inkafuna kuzika nsanja zamapiko m'nyanja, zopanga magetsi ndi mphepo. Chilolezo chawo chinkati awerenge kaye mbalame kwa zaka ziwiri. Zikapezeka zochuluka, nsanjazo zisunthire kutali, kumadzi akuya kumene kuzika n'kovuta.

"Anamulemba ntchito chifukwa ankaidziwa mbalame ikadali kadontho kumwamba," anapitiriza mayiwo. "Wawerenga chaka ndi miyezi isanu ndi inayi. Mwezi watha bwana Alwin wa kampaniyo akuti maso ake akalamba, akuona ziwiri pamene pali imodzi. Anamuchotsa pa doko pomwe, anthu akuona. Maso akalamba? Ankandiwerengera imvi ali tsidya la msewu."

"Anali ndi mdani?"

"Anali ndi kabuku. Ankalemba kawiri, pa pepala la kampani ndi m'kabuku kake ka chikuto chakuda. Sankakasiya ngakhale popita ku Misa. Mwakapeza?"

"Ayi."

"Ndiye ukufunsiranji za adani?"

"Ndiuzeni za Lachiwiri."

"Funsa aliyense. Gurayan anabwera ngati mmene ankabwerera ine ndili mtsikana. Maboti onse a Tanglad anali pa mgolo wofiira uja wolozera njira, mbalame zitaphimba dzuwa pamwamba pawo. Zinachokera ku zilumba zonse. Ndinamuuza kuti apite akagwire nawo, iye akuti amphaka kaye, mazira otsala aswa posachedwa. Cha m'ma teni kunagwa chimvula, nsomba zoyamba zija zonse zinandinyowera pa ukonde pomwepa. Ine ndinali kumutukwana mumtima kuti wandisiya ndekha ndi ntchito. Mwina nthawi imeneyo n'kuti akumuphwanya mutu."

* * *

Alwin Tesoro, woyang'anira kafukufuku wa mbalame, ankakhala m'nyumba ya konkire pamwamba pa doko. M'chipinda mwake munkazizira ngati m'firiji. Anali wa zaka za m'ma makumi atatu, malaya oyera, mawu ofewa.

"Zomvetsa chisoni kwambiri, Sajeni. Tinene kuti Nong Abundio anali munthu wa mtima wabwino, koma sayansi siyendera mtima. Mukumvetsa? Khofi?"

"Ayi, zikomo. Lachiwiri m'mawa munali kuti?"

Alwin anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso limene anakonzekera. Anatambasula mapu pa tebulo.

"Nyanja tinaijambula mizere isanu ndi itatu. Mwezi uliwonse boti limayenda m'mizeremo pa liwiro limodzi. Wowerenga amaima kutsogolo, n'kumayang'ana mbali imodzi yokha, mpaka mamita mazana atatu. Mbalame iliyonse amailemba: mtundu wake, nthawi, komanso ngati ili pafupi, pakati kapena patali. Manambalawo amapita kwa katswiri wathu ku Iloilo, iye n'kuwerengera kuti nyanja yonseyi ili ndi mbalame zingati. Mukumvetsa? Lachiwiri linali tsiku lowerenga. Poti wolowa m'malo mwa Nong Abundio sanafike, ndinawerenga ndekha, kuyambira hafu pasiti sikisi mpaka thu koloko. Boti ankayendetsa ndi Nong Berting. Nayi njira imene kamakina kathu ka GPS kanajambula, mphindi iliyonse. Nawa mapepala."

Anali mapepala khumi ndi asanu ndi limodzi, olembedwa ndi pensulo, zilembo zowongoka bwino. Perla anawayendetsa chala. Anali osalala ngati ongotuluka kumene m'sitolo.

"Mvula inakupezani pati?"

Chala cha Alwin chinaima pa mapu. "Tinene kuti inadutsa kumpoto kwathu."

"Amphaka pa Lusay mukuwadziwa?"

"Asodzi amataya chilichonse paliponse, Sajeni. Inu ndinu wa konkuno."

Perla anatenga mapepalawo n'kumulembera kalata yosonyeza kuti awatenga apolisi. Ali pa masitepe panja, anafananitsa mapu ndi mapepala. Mzere wachisanu unkadutsa pambali penipeni pa mgolo wofiira, ndipo kamakina kanasonyeza kuti boti linafika pamenepo itatsala pang'ono kukwana teni koloko. Pa pepala la nthawi imeneyo panalembedwa kanaway awiri. Pa danga lolembapo maboti amene aoneka, Alwin analemba ziro.

* * *

Perla anawapeza Nong Berting Gasataya pa doko akupaka girisi injini. Anali bambo wamfupi wa zaka za m'ma makumi asanu ndi limodzi, wovala malaya a manja aatali dzuwa likuswa mtengo.

"Tinanyamuka sikisi, tinayenda mizere yonse, tinabwera thu," anatero asanafunsidwe n'komwe.

"Munali ndi ndani, Nong?"

"Ndi bwana Alwin. Tinanyamuka sikisi, tinayenda mizere yonse, tinabwera thu."

"Pa mgolo wofiira munaonapo chiyani?"

"Ine ndimayang'ana kampasi."

Anatambasula dzanja kuti atenge sipanala, mkono wa malaya n'kukwera pang'ono. Kuyambira pa chikhatho mpaka m'chigongono munali mizere ya zilonda, ina yakale, ina yatsopano.

"Zingwe za nayiloni," anatero msanga, akukokera malaya pansi.

Mkulu wa Perla atamva zonsezi masana omwewo, anapukusa mutu. "Mukufuna ndikamange munthu wa kampani chifukwa pepala silinanyowe? Chifukwa asodzi akuti kunali mbalame? Loya wawo adzati zinali mbali ina ya boti, kapena kupitirira mamita awo aja. Ali ndi makina, ali ndi mboni. Inu muli ndi amphaka."

* * *

Lachinayi m'mawa Perla anakwera boti la anthu kuwoloka kupita ku Iloilo. Katswiri uja, Mayi Marilou Sumagaysay, ankagwira ntchito m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ya mankhwala, pakati pa makatoni a mapepala. Anali mayi woonda, wa magalasi ochindikala, wolankhula mothamanga uku akudya msuzi wa batchoy m'mbale ya pulasitiki.

"Nyanja ine sindipitako, ndimasanza ndikangoona bwato. Koma manambala a Nong Abundio ndawawerenga miyezi makumi awiri ndi umodzi, ndimawadziwa ngati mawu a mayi anga. Tabweretsani."

Anayala mapepala a Lachiwiri pansi, pambali pake n'kuyala ena amene anatulutsa m'katoni. Akalewo anali opotanapotana, amadontho a mchere, zilembo zikukwera ndi kutsika motsatira mafunde. Pa lina panali mamba a nsomba.

"Onani apa kaye. Diso la munthu limaphonya zakutali. Pa mapepala oona, za pafupi zimachuluka, za pakati zichepako, za patali zochepa kwambiri. Ntchito yanga ndi kuwerengera zimene diso laphonya. Alwin zimenezi amazidziwa, ndiye wazikonza bwino. Makumi anayi, makumi awiri, khumi. Mzere wotsatira, makumi awiri, khumi, zisanu. Theka lenileni nthawi zonse. Diso la munthu silidziwa masamu chonchi."

"Loya adzati zinangochitika."

"Adzatero. Ndiye onani ichi." Anaika sipuni pansi. "Mbalame za m'nyanja zimatsata nsomba, ndipo nsomba zimayenda m'magulu. Tayang'anani Nong Abundio. Ziro, ziro, ziro, ola lathunthu ziro. Kenako mwadzidzidzi mazana atatu pa mphindi zisanu. Kenako ziro. Munthu woona amalemba ziro mopanda manyazi. Tsopano Alwin. Ziwiri, imodzi, zitatu, ziwiri, imodzi. Maola asanu ndi awiri ndi theka, palibe danga lopanda kanthu, palibe gulu lalikulu. Wabodza amaopa ziro chifukwa amaganiza kuti aoneka waulesi, amaopanso nambala yaikulu chifukwa bwana wake saifuna. Izi zalembedwa pa tebulo, Sajeni, munthu atakhala pa mpando."

"Mungalumbire m'khoti?"

Mayi Marilou anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Miyezi itatu yapitayo Alwin anandifunsa kuti mbalame zitachepa ndi theka pa Lusay, mzere wa nsanja ungasunthe mpaka pati. Ndinamuwerengera. Ndinkayesa funso la kusukulu." Anavalanso magalasi aja. "Ndilumbira."

* * *

Perla anabwerera ku Tanglad dzuwa litapendeka. Nong Berting anali pa malo omwe aja. Perla anakhala m'mphepete mwa boti n'kuyala mapepala awiri pa bokosi la injini, lamchere ndi losalala.

"Katswiri wa kampani yomweyo alumbira kuti Alwin sanali m'boti muno Lachiwiri," anatero. "Asodzi makumi atatu anakuonani mukudutsa pa mgolo wofiira. Ndiyamba kuwafunsa mmodzimmodzi kuti kutsogolo kwa boti kunaima ndani. Mukufuna ndiyambe, Nong, kapena munena nokha?"

Bamboyo anayang'ana manja awo.

"Abundio anali kumpare wanga," anatero potsiriza. "Ndi amene anagwira mwana wanga wamkazi pa ubatizo."

"Ndikudziwa."

"Amphaka ndinkagwira ndine, ndi mitu ya nsomba, kuseri kwa msika. Bwana anati ndikakana abwereka boti la ku Negros, ndipo anthu ofuna ntchitoyo ndi ambiri. Ndinati amphaka okha, mbalame zidzasamukira kwina. Tinatsitsa makumi awiri pa maulendo atatu. Atamva kuti wina akuwachotsa, anati Lachiwiri apita yekha ndi ena anayi, akaonenso amene akutchera misampha."

"Nanga kamakina?"

"Timakayatsa poyambira mzere woyamba, theka la kilomita kuchokera pa Lusay. Ndinamutsitsa kaye ndi matumba, kenako ndinakayatsa. Mizere yonse ndinayenda ndekha, mvula n'kundipeza pa wachisanu. Nditamaliza ndinakazimitsa n'kukamutenga."

"Munamupeza ali bwanji?"

"Atakhala pamwala, malaya atachapa, akuwayanika pa bondo. Anali ndi kabuku kakuda m'manja. Titafika pakati pa nyanja anakamangirira ku sipanala yanga n'kukaponya."

"Ananena chiyani?"

"Anati, 'Lero tawerenga bwino, Nong.'"

Perla analemba mawuwo. "Kabukuko munakazindikira?"

"Ndinakazindikira. Kabwato ka Abundio nakonso ndinakaona, pozungulira chilumba. Ndinaganiza zokhota kuti ndikaone. Dzanja linali pa chiwongolero. Bwana anandiyang'ana, ine n'kuwongola. Inday, dokotala wati anafa nthawi yanji? Thu koloko anali akadapuma?"

"Anali atapita kale."

Nong Berting anagwedeza mutu, koma nkhope yawo sinasonyeze kupepukidwa. Anapukuta girisi m'manja, natseka bokosi la injini, n'kutsogola okha njira ya ku polisi.

Perla anathamangira kunyumba ya konkire ija ndi apolisi awiri. Anapeza chitseko chili pululu, mayi wosesa akukolopa.

"Bwana anyamuka m'mawa, boti loyamba lija," anatero mayiyo. "Akuti msonkhano ku Manila. Atenga ndi masutikesi onse."

Linali boti lomwe Perla anakwera. Perlayo anali atakhala kutsogolo, maso ali pa mapepala, osamuona.

* * *

Chikalata chomangira Alwin Tesoro chinatuluka patatha masiku asanu ndi limodzi. Loya wa kampani anayankha mwaulemu kuti Bambo Tesoro anasiya ntchito, ndipo kumene ali kampani sikukudziwa. Mkulu wa Perla anauza atolankhani kuti apolisi ake agwira ntchito yotamandika, munthu mmodzi ali kale m'chitokosi.

Tsiku lotsatira maliro, Mayi Marilou anawoloka nyanja, nkhope ili mbuu ndi mseru, kudzamuonetsa Perla kalata ina pa doko.

"Andichotsa, koma si zimene ndabwerera. Werengani ndime yachiwiri."

Kampani inkathokoza apolisi povumbula chinyengo m'kafukufuku wake. Popeza sizikanatheka kudziwa mapepala oona ndi abodza, inaganiza zotaya zonse zimene zinawerengedwa kuyambira pachiyambi. Inali italemba akatswiri atsopano, odziwika ndi kukhulupirika, kuti ayambirenso mwezi wamawa.

"Miyezi makumi awiri ndi umodzi ya Nong Abundio, yapita," anatero Mayi Marilou. "Ndipo atsopanowo ndikuwadziwa, ndi anthu oona. Palibe adzawauze kuti aname. Adzayenda mizere yonse, adzayang'anitsitsa, adzalemba zimene apeza. Pa Lusay apeza amphaka."

Perla anapinda kalatayo. Umboni umene anautola ndi manja ake ndi umene kampani inatsegulira chitseko. Anayenda wapansi mpaka kwa Nang Consing, poti nkhani ngati imeneyi sankafuna kuti akaimve kumsika.

Mayiwo anamvetsera ali chiimire, atavala zakuda. Sanatukwane.

"Ndiye amene ali m'chitokosi ndi Berting."

"Eya, Nang."

"Wa malaya oyera uja akumwa khofi ku Manila."

"Tikumufunafuna."

"Mufuneni." Anayang'ana ku khola la nkhuku lija. "Berting wati anatsitsa angati onse pamodzi?"

"Makumi awiri ndi anayi."

"Abundio anagwira asanu ndi awiri. Atsala khumi ndi asanu ndi awiri, ngati sanadyane." Analowa pansi pa nyumba n'kutulukamo ndi misampha iwiri ya nsungwi, wina wosamaliza kuluka. "Chaka chino mbalame zapita. Zikadzabwera chaka chamawa kudzaona, zisadzapeze chilombo. Atsopanowo awerenga zaka zingati?"

"Ziwiri."

"Ndiye chaka chachiwiri ndi chathu. Kabwato ka mwamuna wanga muli nako ku polisi."

"Ndi umboni, Nang. Sikangatuluke mlandu usanathe."

"Mlandu wa munthu amene simukudziwa kumene ali?" Nang Consing anamuponyera msampha umodzi pachifuwa, Perla n'kuuwakha. "Ndiye ubwere ndi boti la apolisi. Mawa madzi aphwera seveni koloko. Uvale malaya a manja aatali, amakanda."